Mafupa a Sakina

Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma mbewa ndimazidziwa kuyambira kumchira mpaka kundevu. Njala ya 2002 ikuyandikira, ndi zomwe zinatisunga kuno ku Nsanama. Anastasia, mwana wa mng'ono wanga, anali ndi pakati, miyendo ngati bango. Ndinkamukumbira akapuku, kuwafutsa ndi mchere, iye n'kumakukuta ndi mafupa omwe. Mwamuna wake, Che Sadiki, msodzi wa kunyanja ya Chiuta, ndi Msilamu, mbewa sakhudza. Tikamadya ankangoyang'ana kumbali.

Mwana anabadwa, Sakina. Njala itabweranso mu 2005, Sakina anathyoka mwendo pongotsika pakhonde. Utapola mwendowo, anathyoka mkono mayi ake akumuvula diresi.

Apo m'pamene anatulukira Abiti Shukuru, mayi a Sadiki.

"Asewele, mwamupatsa mdzukulu wanga mafupa a mbewa!" anandikalipira. "Chimene wapakati wadya, mwana amatengera. Sadiki, longedza, tizipita kwathu."

"Nanga inu munkadya matemba, bwanji Sadiki alibe mamba?" ndinatero.

Palibe anaseka. Anastasia anangogwira chitseko. Mkamwini akachoka nthawi ya njala sabwerera, ndipo tinsomba take ndi tomwe tinkasinthanitsa ndi gaga. Sadiki analola chinthu chimodzi chokha: tipite kaye ndi mwana kuchipatala. Tinapita tonse.

Adokotala anali mayi wachitsikana wa ku Balaka. Akumanga mkono, ine ndinafunsa: "Adokotala, kodi mbewa zimathyola ana?"

"Iyayi, agogo. Mbewa ndi zimene zathandiza kuti matendawa tiwamvetse."

Akuti kunja kuli anthu oweta mbewa m'nyumba zoyera, koma osadya ngakhale imodzi. Kuwononga ndiwo! Anthu amenewo anapeza kuti m'fupa muli tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, tina tomanga, tina togumula, ndipo timatumizirana mawu: wonjezera apa, lekeza apo. Malangizo a ntchitoyo mwana amabadwa nawo kuchokera kwa makolo. Anthu aja akasintha kalangizo kamodzi mwa mbewa, ana ake amabadwa ndi mafupa ochindikala. Akasintha kena, amabadwa ndi mafupa ngati mapesi, ngakhale uwagoneke m'nkhokwe yodzadza.

"Njala imawonjezera kufooka," anatero adokotala, "koma sindiyo yayambitsa. Ndiwo zimene mayi anadya zilibe mlandu."

"Ndiye zachokera kwa ndani?" anafunsa Sadiki.

Adokotala anatsegula diso la Sakina ndi zala. Koyera kwake kunali ngati kwaviikidwa m'buluu wochapira zovala.

"Nthawi zina zimangoyambira mwa mwanayo. Nthawi zambiri alipo wina pamtundu: wothyokathyoka, wamaso otere, makutu ake ofulumira kugontha."

"Akuti chiyani?" anakuwa Abiti Shukuru, atatchera khutu ndi dzanja.

Ndinawayang'ana m'maso. Buluu yemweyo. Dzanja lomwe anatchera nalo khutulo linali lopindika pamfundo, chizindikiro cha fupa lolumikizika mokhota. Abale, lilime linandiyabwa! Nthabwala inali itapsa kale, yongofunika kupakula. Koma dzanja lawo linalo linali pamutu pa mwana, likusisita. Ndinaganiza kuti nawonso anangolandira kwa wina amene anagona kalekale, osapempha, monga mbewa za m'nyumba zoyera zija. Munthu ungamuzenge bwanji mlandu wa katundu amene anamusenzetsa asanabadwe?

Ndinawakuwira m'khutu: "Akuti si mbewa, asewele! Akuti mwana ameneyu tizimugwira ngati dzira!"

"Nanga ine ndimati chiyani?" anayankha, akukoka mpango.

 Sadiki ankangotikita phewa lake lamanzere, lomwe linathyoka ali mnyamata pokankha bwato. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana ine. Ine ndinayamba kuwerenga malata a denga.

Titafika pamsewu Sadiki anaimitsa galimoto yopita kunyanja, n'kukweza mayi ake powagwira m'chigongono mosamala.

"Nanga iwe?" anafunsa Abiti Shukuru ali pawindo.

"Ndibwera kudzakuonani mkono ukapola. Ndibwera nawo onse."

Galimoto itanyamuka anapempha chitenje kwa Anastasia, n'kuwerama. Anyamata a kabaza anayamba kuimba malikhweru poona bambo wandevu akubereka mwana. Anastasia anamuika Sakina pamsanapo, n'kumanga mfundo yekha.

"Isathine kwambiri," anatero Sadiki.

"Ndikudziwa," anatero Anastasia.