Dzanja la Alamu pa Tivi ya Amalume

Mwamva kale, musanamizire. Mzere wathu wonse wakhala ukunong'onezana kuti alamu anagwira m'chiuno mwa mtsikana wina pa tsiku la ukwati wawo lomwe, achemwali ataima pomwepo ndi maluwa m'manja. Mtsikanayo ndi uja anaperekeza mkwatibwi, amene timamutcha Nsidze chifukwa amameta zake n'kujambula zina ndi pensulo. Ndipotu akuti umboni uli mu vidiyo.

Ine dzanjalo ndinaliona ndi maso angawa. Vidiyo itabwera tinakaonera kwa amalume, poti ndi amene ali ndi tivi yaikulu ngati chitseko. Pabalaza anachotsapo kabati kuti tiviyo ikwane, mbale zili m'makatoni mpaka lero. Ukalowa, asanakufunse n'zakunyumba zomwe, amayamba: "Taona mmene ikuyendera, myaa! Iyi sidodoma."

Ndiye pofika povina, kamera ikuthamanga kuchoka uku kupita uko, dzanja lovala jekete yakuda ngati ya alamu linangotulukira m'chiuno mwa Nsidze. Azakhali anakuwa: "Bwezani!" Tinabweza kasanu. Achemwali ananyamuka n'kutuluka. Tsiku lomwelo anafika kwathu ndi sutikesi, banja lili ndi masabata awiri okha.

Alamu analumbira mpaka mawu anasasa, koma palibe anawamvera. Loweruka anabwera kwa amalume ndi mayi wina wokonza mativi, wamfupi, wovala ovolosi. Achemwali ndinachita kuwakoka kuti tipite.

Mayiyo anaonera kamodzi kokha n'kuseka.

"Bambo, tivi yanuyi imapeka."

"Imatani?" amalume anadzuka pampando.

"Imapeka. Kamera imajambula zithunzi zowerengeka pa sekondi iliyonse. Tiviyi ikaona mpata pakati pa chithunzi ichi ndi chinzake, imajambula chakechake n'kuikapo kuti zinthu ziziyenda mosalala. Anthu akamayenda pang'onopang'ono imalondola. Akathamanga imasokonezeka, imatenga dzanja la uyu n'kumata pa uyo."

"Ngati anthu ena m'nyumba muno," anatero alamu. Azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Mayi uja anadinadina rimoti n'kuzimitsa chopekacho. Tinaoneranso. Abale inu! Tivi ija inayamba chibwibwi. Kamera ikatembenuka makoma a holo ankanjenjemera, keke ikudumpha ngati ili pa njinga. Koma dzanja lija linali la Nsidze mwini wake, akukweza lamba wa diresi. Manja a alamu onse awiri anali m'mwamba, akuvina ngati munthu amene akuthamangitsa njuchi.

Ndimayesa anthu aombera m'manja. Ayi ndithu.

"Mwandiwonongera tivi!" amalume anakalipa. "Bwezerani mmene inalili."

"Amalume, banja langatu ili," alamu anadandaula.

"Banja lako ndi tivi yanga zikukumana pati? Anthu akabwera kudzaonera mpira azikanena kuti ndinagula yachibwibwi?"

Analanda rimoti, n'kudina paja anadina mayi uja. Dzanja la jekete linabwerera m'chiuno mwa Nsidze, likuyenda mosalala bwinobwino.

"Mwaonatu!" anatero azakhali. "Chithunzi choyera ndi ichi. Chonjenjemera chija ndiye mukuti tikhulupirire? Chikunjenjemera chifukwa chikudziwa kuti chikunama."

"Zimene kamera inajambula ndi zonjenjemerazo, mayi," wokonza uja anayankha akunyamula chikwama chake. "Zinazo ndi zokometsera."

Atangotuluka, azakhali anandikodola n'kundinong'oneza kuti mayiyo anabwera galimoto imodzi ndi alamu, ndiye akudziwa ndani zimene anapangana panjira.

Alamu anatopa, anapita kukaima pageti. Achemwali anatenga rimoti. Kuyatsa, dzanja lilipo. Kuzimitsa, palibe. Kuyatsa, kuzimitsa, mpaka amalume anayamba kudandaula za mabatire. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe, maso ako ndi akuthwa. Waona chiyani?"

Nkhani ya dzanjali ndinali nditaiuza kale anthu khumi ndi awiri, ndipo pamene panali mpata ndinaikapo zanga: kuti Nsidze anamwetulira, kuti alamu anatsinzina diso limodzi. Kunena kuti dzanja palibe kunali kudzitcha wabodza mzere wonse. Koma achemwali maso anali atatupa ndi kulira kwa sabata yathunthu.

"Dzanja ndi la Nsidze, achemwali," ndinatero. "Zakumwetulira zija ndinawonjezera ndine. Bwererani kubanja kwanu."

Ananditsina khutu mpaka ndinaona nyenyezi, n'kutuluka kupita kugeti. Azakhali mpaka pano sandiyankha moni.

Dzulo ndinayesa kuuza anthu atatu mmene zinalili. Wina anayasamula, wina anati ndapatsidwa kanthu, wachitatu anafunsa ngati dzanjalo linali lamanja kapena lamanzere. Nanga inu, tanenani zoona, mukakumana ndi anzanu mawa mukawauza iti, yosalala ija kapena yachibwibwiyi?