Telala Wasoka Khoma

Mkazi wa telala anathyoka mwendo chifukwa cha filimu ya nkhondo. Ankachokera kuchipinda ndi beseni la zovala, phazi n'kukola waya wa sipika umene unkadutsa pakati pa balaza ngati chingwe choyanikira, basi khu, pansi. Masipika ankaombabe mfuti mbali zonse, moti mwamuna wake anayamba wayesa kuti kukuwako n'kwa m'filimu momwemo.

Atatuluka m'chipatala ndi chikhakha mpaka m'bondo, mayiyo sanabwerere kunyumba. Anapita kwa mkulu wake, mayi wamtali wogwira ntchito yozimitsa moto, ndipo uthenga umene anatumiza unali waufupi: "Ndidzabwera tsiku limene pansi padzakhale popanda waya ngakhale umodzi."

Telala anamusowa mkazi wake koopsa, tisabise. Panalibenso womuseka akakoleka tepi m'khosi n'kumaifunafuna nyumba yonse. Koma masipikawonso anawasonkhanitsa pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo kuwataya kukanakhala kuzula dzino labwinobwino. Ndiye tsiku lina m'mawa, ali chiimire pabalaza n'kumakanda mutu, anagogoda khoma lolekanitsa balaza ndi chipinda chogona. Linalira ngati ng'oma. Linali la mabolodi, mkati muli mphako.

Nkhope yake inawala. Khoma la mphako likusiyana pati ndi m'chiuno mwa kabudula? Malo olowetsa lasitiki alipo, chotsala n'kulowetsa basi.

Anaboola bowo kumwamba, kuseri kwa kanema, lina kumunsi. Anamanga pini wamkulu kuchingwe n'kumuponya mkati. Piniyo anakakhala pa thabwa lina lopingasa limene omanga nyumba analiika m'khomamo, kaya ankaganiza chiyani, ndipo telala analiboola bowo loti n'kulowa chibakera. Kenako anasonkhanitsa mawaya onse, a masipika, wa magetsi wa kanema, ndi ekisitenshoni yonse ndi kabokosi kake komwe. Poti munthu waukhondo salowetsa zinthu zili mbwee, anawasokera mkono wautali wa lainingi, nsalu yopyapyala ya mkati mwa jekete, n'kuwakokera m'khoma ali mtolo umodzi.

Atayatsa filimu, mabomba akaphulika mawayawo ankanjenjemera n'kumagunda bolodi. Zimenezonso sizinamuvute. Pansi pa tebulo lake lodulira panali matumba a zidutswa za nsalu amene mkazi wake ankamuuza chaka ndi chaka kuti akataye. Anazikanyizira m'khomamo ndi ndodo yoyezera nsalu mpaka phokoso linati zii. Pakamwa pa mabowo anatseka ndi veleveti wofanana ndendende ndi penti. Kunena zoona, ntchito inali yokongola, ndipo mwini wake ankaidutsa uku akuimba kamluzu.

Mlamu wake, wozimitsa moto uja, anabwera Loweruka masana kudzaona ngati mng'ono wake angabwerere. Mayiyu akafika panyumba ya munthu, asanapereke moni maso amakhala atafika kale pa masoketi, ndipo telala ankamuseka kuti ngakhale kapu ya madzi amaiona ngati ingayake.

"Lowani alamu, koma sairini muisiye panja," anatero telala. "Yendani mmene mukufunira. Vinani kumene. Mukapeza waya pansi, ndikusokerani diresi yaulere."

Mlamu anayenda balaza lonse akukhwekhwereza mapazi dala. Anakhala pampando, naonera filimu kanthawi ndithu, ndege zikudutsa kuchoka khutu ili kupita linalo.

"Apa ndiye mwagwira ntchito, alamu," anatero, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. "Nanga waya wa magetsi wa kanemayu wapita kuti?"

"M'khoma."

"Ekisitenshoni ija?"

"M'khoma momwemo. Onse ndawaveka malaya amodzi."

Mlamu anadzuka, nasuzumira kuseri kwa kanema, natsina veleveti uja n'kukoka. Kunatuluka chidutswa cha suti. Anakokanso, kunatuluka cha yunifolomu ya sukulu, kenako cha katani, kenako leisi ya diresi ya mkwatibwi. Anaseka mpaka anagwira khoma kuti asagwe.

"Alamu inu, mwaika shopu yonse muno?"

"N'zoletsa phokoso zimenezo."

"Ndi nkhuni izi." Anapukuta misozi. "Tamverani. Waya wa pulagi saloledwa m'khoma. Anaupanga kuti uzikhala poyera pomwe ukupitidwa mphepo, khoswe akauluma muone. Mukafuna magetsi kuseri kwa kanema, wa magetsi amabwera kudzaika soketi pomwepo. Mawaya a masipika alipo akeake olowa m'khoma, chikopa chake sichigwira moto msanga ndipo sichifuka utsi wokomola anthu. Amayenda paokha, motalikana ndi a magetsi. Simunapeze thabwa lopingasa mkatimu?"

"Linkanditchinga. Ndinaliboola."

"Ntchito yake n'kutchinga kumene. Moto ukayamba mmunsi, limauchedwetsa kuti usathamangire kudenga. Inu mwautsegulira chumuni."

Telala anapinda manja. Ntchito yake inali isananyozedwepo chotere, ndipo zinamuwawa. "Malamulo anuwo amalembera anthu osasamala," anatero. "Ine ndagwira simbi yamoto moyo wanga wonse, sindinawotchepo ngakhale kolala ya munthu. Inu mukaona nsalu mwaona moto, mukaona thabwa mwaona moto. Mumagona bwanji, alamu?"

"Movutikira," anayankha mlamu. "Tabwerani kuno."

Anamutsogolera kuchipinda chogona, kuseri kwa khoma lomwe lija, kumene kunatsamira bedi. Anamugwira dzanja n'kuliika pabolodi, pamwamba pang'ono pa pilo. Panali pofunda, ngati nsalu imene simbi yangochokapo.

"Mng'ono wanga amagona mbali iti?"

"Kukhomaku."

"Ndi chikhakha chija."

 Telala ndi munthu woyeza ndi maso, ndipo maso ake anayeza okha kuchoka pa pilo uja, kuzungulira bedi, kudutsa kabati, mpaka kukafika pachitseko. Kenako anayezanso kachiwiri, akuganizira mkazi wake akudumpha ndi mwendo umodzi mu utsi.  Anatuluka, nakazimitsa swichi yaikulu ya nyumba yonse, ndipo nkhondo ya pabalaza inathera pakati.

Palibe chimene telala amadana nacho ngati kumasula zimene wasoka kale, koma anamasula. Zidutswa zinatuluka matumba ake onse, ndipo zimene zinakuta kabokosi ka ekisitenshoni zinali zitayamba kufiirira m'mbali. Wa magetsi anabwera kudzaika soketi kuseri kwa kanema, ataseka kaye nayenso. Mawaya oyenera anagulidwa. Pini yekha ndiye anapitiriza ntchito, poti pa kulowetsa chingwe palibe amene akanamuphunzitsa telala. Bowo la pathabwa lija ndi mipata yonse yozungulira mawaya anamata ndi phala lofiira losayaka, lonyansa maonekedwe, losagwirizana ndi penti ngakhale pang'ono.

Mlamu anabweranso ndi tochi, nasuzumira bowo lililonse telala asanatseke khomalo.

"Bwanji, ndakhoza?" anafunsa telala.

"Mwakhoza. Diresi yaulere ija muisokebe, ya mtundu wa phalali."

Mkazi wake anafika tsiku lotsatira dzuwa likupendeka, atatsamira ndodo ziwiri. Anaima pakhomo n'kuyang'ana pansi ponse, ngodya ndi ngodya.

"Matumba a zidutswa aja ali kuti?" anafunsa.

"Ndinataya."

"Mwayamba liti kundimvera, bambo?"

"Ndi nkhani yaitali. Khalani kaye muone filimu."

Anamukhazika pampando wabwino, mwendo pa pilo, namuikira filimu yopanda mfuti, ya anthu ongokondana ndi kuyankhulana. Mayiyo anamvetsera pang'ono, nati mawu akumveka bwino, kenako anayasamula. Ulendo unali utamutopetsa, ndipo anapempha kuti akapumuleko pabedi lake, poti la mkulu wake linkamupweteka msana. Telala anamuperekeza, namuthandiza kukweza chikhakha, ndipo mayiyo anatembenukira kukhoma monga mwa nthawi zonse. Posakhalitsa anali m'tulo.

Kuseri kwa khoma filimu inkapitirira yokha, popanda woonera. Telala anakhala m'mbali mwa bedi, nadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu wa mkazi wake mosamala kuti asamudzutse, n'kuliika pabolodi. Panali pozizira. Analisiya pomwepo mpaka mkono unachita dzanzi.