Chotupa cha Alamu Anga

Ine ndi amene ndinawang'amba mutu alamu anga, ndipo tsiku limenelo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono.

Alamu anali ometa tsitsi, munthu wofatsa mochita kukwiyitsa, woti mukawaponda phazi amapepesa ndi iwo. Zaka khumi ndi ziwiri sanamukwezerepo mawu mlongo wanga. Kenako anasintha. Anayamba kudandaula mutu m'mawa uliwonse, kuchipatala n'kumangowapatsa mapilitsi ndi kuwauza kuti achepetse maganizo. Tsiku lina anamucheka khutu kasitomala ndi lezala, m'malo mopepesa n'kumaseka. Ine ndinati ndi mowa, azimayi oyandikana nawo anati apeza chibwenzi. Tonse tinasanduka madokotala a pakamwa.

Lachitatu masana mlongo wanga anafika pagalaja panga mkono uli lende, mlomo utang'ambika. Alamu anali atamumenya ndi mwendo wa mpando chifukwa chongowafunsa ngati amwa mankhwala. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinatola sipanala yaikulu, osasamba n'komwe girisi m'manja. Ndinawapeza mushopu mwawo akuphwanya magalasi ndi zibakera, magazi ali chuchuchu mpaka m'zigongono. Atatembenuka sanandizindikire. Ndinawakhoma kamodzi pamwamba pa khutu, iwo khu pansi, n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa.

Kuchipatala anawalowetsa m'makina ojambula mkati mwa mutu kuti aone chimene sipanala yawononga. Dokotala, mayi wamfupi wosaseka, anaitana ine ndi mlongo wanga, amene anali atamuika kale chikhakha.

"Chigaza chang'aluka pang'ono, chimenecho chipola," anatero dokotala. Kenako analoza pachithunzi chinthu chonga dzira, chakutsogolo. "Ichi si cha sipanala. Ndi khansa ya mu ubongo, yamtundu wothamanga kwambiri, ndipo yakhala pamalo pamene pamathandiza munthu kuugwira mtima. Chimene chinakuthyolani mkono, mayi, ndi ichi."

Ndinachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire. Ndinali nditamenya munthu wodwala.

Anawachita opaleshoni n'kuchotsa chimene akanatha. Dokotala sanatinamize: mizu yake inali italowerera ngati kapinga, ndipo kuitsatira yonse kukanakhala kumuchotsa munthuyo. Anawawotcha ndi makina, mankhwala n'kumawasanzitsa mpaka ndulu. Koma alamu athu aja anabwerera. Ataona chikhakha cha akazi awo anafunsa chimene chinachitika, ndipo atauzidwa analira tsiku lonse osadya.

Tsiku lina anandikokera pakhonde.

"Alamu, chotupachi chikadzameranso musadzandinyengerere," anatero. "Ndikadzangomukwezera dzanja, mudzandikhome ngati muja. Lumbirani."

Ndinalumbira. Ndikanatani?

Patapita miyezi isanu, m'mawa ndikutsegula galaja, mayi wa nyumba yoyandikana nawo anandiimbira foni kuti ndifulumire. Ndinapeza mbale zili mbwee m'khitchini monse, alamu atamupanikiza mlongo wanga kukhoma, dzanja lamanzere lili pakhosi pake. Lamanja linali litafa kale, limangolendewera. Ankalalata mawu osamveka mutu wake. Ndinawakoka kumbuyo, iwo anandiluma pamkono mpaka mano kukumana. Ndinawagwetsera pansi pambale zosweka, bondo langa pachifuwa pawo, chibakera chili m'mwamba. Ndinali nditalumbira, ndipo kunena zoona, ndinkafunadi kuwamenya.

Mlongo wanga anakwawa n'kudzagwira chibakera changacho ndi manja onse awiri, akutsokomola, mawu atasasa.

"Achimwene, chotupacho sichimva kuwawa," anatero. "Amene amve ndi amuna anga."