Ng'oma ya Malemu Crispin

Crispin anafera mpira. Asakunamizeni munthu kuti anadwala. Mwala wa masapota a ku Thekerani unamupeza kuseri kwa khutu pa masewero otsiriza a chaka chatha, ng'oma ili pamimba, nyimbo ili pakamwa. Anamukweza pa thirakitala ya esiteti kuthamangira naye kuchipatala ku Makwasa, koma anafika atazizira kale. Pabwalo panali anthu mazanamazana, onse a maso awiriawiri, koma woponya mwalawo palibe anamuona.

Mkazi wake, Sellah, anatsala ndi nsalu yakuda ndi ng'omayo.

Nsalu yakuda imavulidwa tsiku losudzula, pamene abale a mwamuna amabwera kudzanena pamaso pa anthu kuti mkaziyu tamumasula, imfa ya m'bale wathu yamuchoka. Koma abale a Crispin amakhala ku Milanje, kutsidya kwa malire. Kumaliro anabwera, anadya, anatenga njinga ndi wailesi, n'kunena kuti abweranso mvula ikatha. Mvula inatha. Iwo zii.

Timu ya pa esitetiyo ndi Masamba Awiri, timu ya anthu othyola tiyi ndi a kufakitale. Zaka khumi ndi zinayi Crispin ankaimba ng'oma kuseri kwa golo la adani, Sellah ali pambali pake ndi botolo la madzi. Kaimbidwe konse ankakadziwa: ka kona, ka penate, ka kutukwana goloboyi mpaka manja ake achite thukuta. Ndiye ligi ya m'boma itayamba mu Epulo, anamanga nsalu yake yakuda zolimba, ng'oma pamutu, n'kukwera ngolo ya thirakitala imene inkanyamula masapota.

Azibambo onse m'ngolomo anamutembenukira. Woyamba kutsegula pakamwa anali Leonard, tcheya wa masapota, yemwenso amayeza tiyi pasikelo, munthu wa mimba ngati thumba la feteleza.

"Alamu, ng'oma imeneyi ndi ya amuna."

"Mwamuna wake munamusiya afe mukuthawa," anatero Sellah. "Senderani uko, mwandipondera nsalu."

Tsiku limenelo ku Bvumbwe anawina zigoli ziwiri kwa duu. Pobwerera anyamata a kumeneko anagenda thirakitala, ndipo mmodzi amene anayesa kukwera ngolo Sellah anamuphwanya zala ndi ndodo yoimbira. Masewero achiwiri anawina. Achitatu anawinanso. Leonard yemweyo anayamba kumutchula kuti mayi wa timu, n'kumamusungira malo kutsogolo kwa ngolo.

Chiperoni chitabwera, zinthu zinatembenuka. Anagonja kanayi motsatizana. Douglas, goloboyi wawo, analola mpira wofooka kudutsa pakati pa miyendo yake anthu onse akuona. Masewero ena masapota anathamangitsa woimbira mpira mpaka m'munda wa tiyi wodulira kumene, momwe zitsa zake zimabaya ngati misomali, ndipo anatulukamo malaya alibe, miyendo ili magazi okhaokha. Kumenya woimbira sikunabweretse chigoli. Komiti inapita kwa sing'anga.

Sing'angayo sanavutike n'kufufuza. Anangofunsa kuti ng'oma akuimba ndani.

"Ndiye mukudabwa chiyani?" anatero. "Mkazi wosasudzulidwa amayenda ndi manda. Mankhwala anga akangomva ng'oma yake amasuluka."

Za masewero atatu oyamba aja palibe anamukumbutsa.

Lachinayi masana, Sellah atangoweruka, dengu la tiyi lili chikhalire kumsana, anapeza Leonard ndi amuna atatu pakhomo pake kumalaini a antchito. Chitseko anali atathyola kale. Ng'oma inali m'manja mwa Benard wa kufakitale.

"Alamu, musatenge molakwika," anatero Leonard. "Ndi nkhani ya timu. Akadzakusudzulani tidzakubwezerani."

Sellah anagwetsa dengu, n'kulumphira Benard, n'kumuluma pamkono mpaka mano anakumana ndi fupa. Benard anakuwa ngati mbuzi. Awiri aja anamukoka tsitsi, wina anamuponda m'nthiti, iye osasiya chingwe cha ng'oma. Pamenepo Leonard anasolola chikwanje chodulira tiyi, n'kuchitembenuza, n'kumumenya ndi chigwiriro pakamwa. Mano awiri akutsogolo anagwera m'fumbi. Laini yonse inali pamakomo kuonerera. Atapita amunawo ndi pamene Madalo, mnzake wothyola naye tiyi, mkazi wa Douglas goloboyi, anabwera ndi madzi amchere.

"Chukuchani, asisi. Musameze."

"Unali kuti?" anafunsa Sellah, magazi ali chuchuchu pachibwano.

"Ndinali pakhomo ngati anzanga," anatero Madalo, maso pansi. "Mwamuna wanga amadya ku timu komweko."

Kuyambira tsiku limenelo ngolo anamuletsa. Koma timu sinali ya Leonard. Masewero apakhomo Sellah ankakwera kaphiri ka kuseri kwa fakitale, n'kuima pakati pa tiyi, wakuda bii pakati pa zobiriwira. Masewero akutali ankanyamuka m'mawa wapansi, kapena kupempha malo pa lole ya nkhuni, n'kukaima patali ndi bwalo. Kulikonse ankaimva ng'oma ya mwamuna wake ikulira m'manja mwa Benard, yemwe ankaimenya ngati akuwaza chitsa. Sankaiwamba n'komwe pamoto kuti chikopa chikungike. Inkangoti bufu, bufu, ngati munthu wodwala chifuwa. Sellah ankatukwana m'Chilomwe yekhayekha, manja akuimba pantchafu kaimbidwe koyenera.

Timu inapitiriza kugonja. Leonard anati n'chifukwa choti wamasiye uja akuyang'anira paphiri, ndipo Loweruka lina anatuma anthu kukamugenda komweko. Mwala umodzi unamutupitsa bondo sabata ziwiri. Loweruka lotsatira anakwera kaphiriko akutsimphina.

Pofika kumapeto kwa Novembala, mitambo itayamba kuda, Masamba Awiri inali pansi penipeni. Anatsala masewero amodzi, apakhomo, ndi Mphezi za ku Thekerani, omwe aja. Kupanda kuwina, timu ituluka mu ligi.

Loweruka m'mawa Madalo anabwera kudzapempha moto, koma nkhani inali kumuyabwa.

"Masiku atatu Douglas akugona pamphasa yakeyake. Lero mbandakucha sing'anga wawasambitsa onse kudamu. Osewera, komiti, masapota, ngakhale alonda a esiteti. Onse mbulanda, a Leonard ndi mimba yawo ija! Lamulo lake akuti mwamuna asakhudze mkazi mpaka wenzulo yomaliza. Akakhudza wamasiye ndiye basi, mankhwala a timu yonse afa."

Sellah anasiya kupeta nyemba.

"Onse?"

"Onse, asisi. Mbale ya chakudya ndachita kumuikira pansi ngati galu."

Sellah ankaudziwa mpira kuposa komiti yonse. Ankadziwa kuti masewero akachedwa kuyamba ndi mphindi makumi atatu chifukwa cha eni bwalo, woimbira amapereka mapointi kwa alendo.

Itakwana 3 koloko bwalo linali lodzaza, anthu ena ali m'mitengo ya bulugamu. Matimu anali atafola, woimbira, mphunzitsi wochepa thupi wa ku Bvumbwe, mpira uli m'khwapa. Sellah anatulukira m'tiyi, anadumpha chingwe, anayenda osathamanga, n'kukakhala pansi pakati penipeni pa bwalo, pamene amaikapo mpira. Anatambasula miyendo, n'kukonza nsalu yake yakuda.

Osewera a Masamba Awiri anabalalika ngati aona njoka.

"Mayi, mukudwala?" anafunsa woimbira.

"Ndikudikira ng'oma yanga."

"Tulukani kaye, nkhani mukambira kunja."

"Ndinyamuleni."

Woimbira anayang'ana nsalu yakudayo, anayang'ana wotchi yake, n'kuitana Leonard. "Bwalo ndi lanu, abwana. Ine sindigwira mkazi wa mwini. Nthawi ndayamba kuwerenga."

Leonard anabwera akuthamanga, n'kuima patali mapazi asanu, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Sellah, iwe mfiti iwe, choka apa!"

"Ndichotseni, a tcheya. Tsiku lija manja munali nawo."

"Ndikuswa mutu!"

"Bwerani. Nawu."

Leonard anaitana alonda. Alonda anayang'ana kumbali, nawonso anali atasamba. Ndiye miyala inayamba. Woyamba unagwa pafupi ndi phazi lake. Wachiwiri unamupeza paphewa. Wachitatu, chidutswa cha njerwa, unamung'amba pamwamba pa diso, magazi n'kutsikira m'diso, m'kamwa, mpaka pansalu. Dziko linazungulira. Anakumbukira Crispin ali gada pa udzu womwewu wa mpira, mwendo ukugwedera, ndipo anakanikiza zikhatho zake pansi kuti asagwe. Ankadziwa kuti akakomoka amukoka ndi chingwe.

Woimbira analiza wenzulo mokwiya. "Mwala wina umodzi, masewero ndathetsa!"

Leonard anathamangira kwa azimayi amene ankagulitsa chinangwa ndi zitumbuwa m'mbali mwa bwalo. "Azimayi, inu mungathe kumugwira. Tathandizani, timu ikufa!"

Palibe anadzuka. Madalo anapukuta manja pachitenje.

"Ife ndife odetsedwa, a tcheya. Tingakupondereni bwalo."

"Madalo, mwamuna wako ali pagolo!"

"Mwamuna wake uti? Ine masiku atatu ndilibe mwamuna."

Azimayi anaseka mpaka ena kugwetsa mabeseni.

Koma chimene chinamuwawa Sellah kuposa njerwa chinali china. Osewera a ku Thekerani, ataona kuti mapointi akubwera okha, anamuzungulira kumutchinjiriza, akuseka. Kaputeni wawo, wamtali wa chipsera patsaya, anawerama.

"Khalani pomwepo, amayi. Kwatsala mphindi khumi zokha. Tikugulirani fanta."

Sellah anamulavulira malovu a magazi pajezi.

"Ku Thekerani kuli munthu amene anapha mwamuna wanga. Mwina ndi m'bale wako. Ndichokere, galu iwe. Sindinakhalire iwe pano."

Kuseka kunatha.

"Mphindi zisanu!" anakuwa woimbira.

Apa masapota omwe ankagenda aja anatembenukira Leonard. "Mupatseni ng'oma yake! Tcheya, mupatse!" Wina anamuponyera chitsononkho kumutu. Benard anavula yekha chingwe cha ng'oma m'khosi, n'kuiika pansi ngati ikutentha. Leonard anaigubuduza ndi phazi kulowa nayo m'bwalo.

"Crispin sanaipondepo ng'oma imeneyo," anatero Sellah. "Nyamulani ndi manja awiri."

"Alamu, nthawi..."

"Ndi ndodo zake zomwe."

Leonard anainyamula. Mimba inkamulepheretsa kuwerama ali patali, ndiye anagwada, bondo limodzi kenako linalo, pamaso pa esiteti yonse ndi Thekerani yemwe. Anaika ng'oma pansi pang'onopang'ono, zala akuzibweza msanga kuti zisakhudzane ndi zake. Sellah anasisita chikopa. Chinali chitafooka, m'mbali muli mafuta a fakitale. Anatola ndodo imodzi, yamutu wonenepa imene Crispin anasema yekha, anaimirira, n'kumumenya nayo Leonard pakamwa ndi mphamvu zonse za mkono wothyola tiyi zaka makumi awiri. Dzino linathyoka pakati. Leonard anagwa chammbali, manja kukamwa.

"Musadandaule, a tcheya," anatero Sellah. "Ndi mtengo wakukhudzani, si ine. Mankhwala anu ali bwinobwino."

Anakoleka ng'oma m'khosi n'kutuluka. Anthu anapatuka okha. Anakaima kuseri kwa golo la Mphezi, pamalo a Crispin, ndipo Madalo anabwera kudzamumanga mpango pachilonda. Woimbira analiza wenzulo kutatsala mphindi imodzi.

Sanali masewero, inali nkhondo. Mphindi khumi zisanathe wosewera wa Mphezi anatuluka atathyoka mwendo. Sellah ankaimba ndi diso limodzi, linalo litatsekeka ndi kutupa, akutchula goloboyi wa adani mayina amene sitingalembe pano. Chigawo choyamba chisanathe goloboyiyo anataya mpira wa kona, Masamba Awiri n'kugoletsa. Bwalo linaphulika. Amuna omwe anamugenda aja anadzavina mozungulira ng'oma, osamukhudza.

Mvula inayamba chigawo chachiwiri. Chikopa chinanyowa, mawu a ng'oma anatsika, iye osasiya. Kutatsala mphindi zitatu, kaputeni wachipsera uja anamenya mpira wakutali, wopanda nzeru, unaterereka m'matope, n'kudutsa m'manja mwa Douglas.

Chimodzi kwa chimodzi. Timu inatuluka mu ligi.

Wenzulo yomaliza inamasula manja a amuna onse. Woimbira anathawira kufakitale nsapato zili m'manja. Lole ya ku Thekerani anaiswa magalasi, eni ake akubweza ndi miyala ndi mabotolo, anthu akugwa m'matope, ena akukwawira m'tiyi mitu ikuchucha. Leonard anabwera ndi Benard, nsanza ili kukamwa, mawu akutuluka mopotoka.

"Mwaona? Watigwetsa! Mulandeni!"

Koma azimayi a chinangwa aja anali ataima kale mozungulira Sellah, wina ndi chikuni, wina ndi chiwaya cha mafuta otentha.

"Miyezi itatu ng'oma inali kwa inu," anatero Madalo. "Munawina kangati? Tayandikira, Benard, ndikukazinge."

Benard anayang'ana chipsera cha mano pamkono pake, n'kubwerera.

Sellah anafika kunyumba mvula ikugwabe. Anakoleza moto wa zinyatsi pakhonde, n'kuika ng'oma chapafupi kuti chikopa chiume, akuitembenuza pang'onopang'ono monga ankachitira mwini wake. Madalo anakhala pambali akufinya mpango.

"Ligi yapansiyo," anafunsa Sellah, "ku Thekerani timapitako?"

"Ayi, asisi. Iwo atsala m'mwamba."

Sellah anagogoda chikopa ndi chala, n'kumvetsera. Chinali chisanakungike. Anaisendeza pafupi ndi moto.

"Ndiye ukamuuze mwamuna wakoyo aphunzire kugwira mpira. Tikwere msanga. Ndili nawo mawu anthu amenewo."