Bokosi la Lenard

Emma anali mayi wa ku Nkando, wogulitsa nanazi pamsewu. Mwamuna wake, Lenard, ankati amagwira ganyu ku Mozambique. Ganyu wanji wonyamuka ndi mfuti? Emma ankadziwa kuti Lenard amapha zipembere potumidwa ndi a Sungani, bwana wa m'tauni wosamveka bizinesi yake, koma ankangoti laponda lamphawi.

Ndiye uthenga unabwera kuti Lenard amuwombera asilikali a zinyama. A Sungani, ee, chifundo chake! Anagula bokosi, anatumizanso galimoto lokatenga thupi. Chimene anaiwala n'chakuti kwathu kuno maliro sayenda okha. Galimoto litangowoloka malire ku Muloza pobwerera, amalume ake a Lenard ndi amayi a kutchalitchi anali atafika kale. Anakwera, anazinga bokosi, nyimbo mpaka pakhomo. Anyamata a bwana anangoti kakasi, osapeza mpata ngakhale wolikhudza.

M'nyumba, apongozi anauza Emma kuti afunditse mwamuna wake chitenje chotsanzikana. Akupisa nsaluyo kumiyendo, dzanja linagunda chinthu cholimba, chokhota, chokulunga m'saka. Anapapasanso. Nyanga za chipembere, ziwiri. Mantha anamugwira. Atadzutsa mutu anapeza a Sungani ali pakhomo, chipewa chili m'manja, maso ali pa iye.

"Pepani nonse," anatero a Sungani mofatsa. "Tatulukaniko pang'ono, ndimupempherere wantchito wanga pandekha."

"Iyayi bwana," anayankha a Danieli, mkulu wa adzukulu okumba manda. "Maliro sitisiyira mlendo. Komanso taonani kuphiriko, mvula ija yatsika. Khomani bokosi, anyamata!"

Emma anafuna kukuwa kuti tsegulani muone, koma anaopa a Sungani ndi anyamata awo. Awa ndi anthu oti munthu akatsegula pakamwa amapezeka akuyandama mu mtsinje wa Ruo. Misomali inalowa iye akuona.

Kumanda, bokosi litatsika, a Sungani anadzagwada pafupi naye ngati opepesa. Anthu anapatuka mwaulemu.

"Mayi, katundu wanga mwamukhudza, ndakuonani," ananong'ona. "Eni ake akumufuna mawa, ndipo eni akewo sadziwa mawu oti pepani. Anyamata anga adzabwera usiku ndi makasu kudzafukula. Inu mudzaonetsetse kuti kuno kusadutse munthu. Akadzalephera kumutulutsa, ndidzafunsa inu." Anamwetulira. "Kamtsikana kanu kaja ndi Sharon eti? Ndinakaona kakupita kusukulu kokha, njira ya m'munda wa tiyi. Kolimba mtima."

Anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, ulendo.

Emma anayang'ana mwana wake ali pamiyendo pa azakhali ake, kenako anayang'ana kudzenje. Adzukulu anali pakalikiliki. Lenard anali mnzawo, ndiye anafuna kumuika mwaulemu wonse: dothi, kupondaponda, dothi lina, kutsendera ndi mitengo. Wina anali atayamba kututa miyala, a Danieli akukamba zoti amalume abweretsa simenti yoti awake lero lomwe, fisi angafukule.

Simenti! Emma anadzambatuka, nadzigwetsa pamtumbira.

"Musatsendere! Ndapota nanu, musatsendere! Miyalayo chotsani, simenti ayi!"

Amayi a kutchalitchi aja anamugwira m'mapewa, nawonso akulira.

"Ha, chikondi ichi," anatero apongozi akupukuta misozi. "Akuopa kuti mwamuna wake alemedwa. Musamumvere adzukulu, ndi chisoni chabe. Wakani."