M'dzenje la a Jeremias munali kale munthu

A Jeremias a ku Domwe anamwalira nyengo yokumba mbatata. Anali mkulu wa gule wa ngoma, ndipo panalibe maliro a Mngoni, kuno ku Angónia kapena kutsidya ku Dedza, amene sanakapondeko ndi chishango chawo. Titathawira nkhondo kutsidyako ankavinira maliro a eni dziko ngati a abale awo. Titabwerera, akutsidyawo anayamba kudzavinira athu. A Jeremias mawu awo anali amodzi: "Ndikadzafa musadzanditaye mwakachetechete ngati galu. Mudzandipondere."

Ife adzukulu tinalawirira kukakumba manda. Dzuwa litakwera anzawo a ngoma anafika, ena panjinga kuchokera kutsidya, nthenga ndi zikopa zili m'matumba. Pomwepo anatulukira mwana wa malemuwo, Telma, wogwira ntchito m'gabineti, ofesi ya ku Tete, ali ndi abusa ake a suti yonyezimira.

"Zikopazo zibwerere kumene zachokera," anatero Telma. "Bambo anga sapita ndi ziwanda. Nanga a ku Malawi akufuna chiyani pamaliro athu?"

Nkhaniyi inatipeza kumanda. Mwana wobadwira mumsasa wa othawa nkhondo, mchombo wake uli m'dothi la ku Dedza, lero akuthamangitsa anthu amene anapatsa amayi ake ufa! Madoda aimvi anakhala pansi pa mtengo ngati akuba. Amayi ake a Telma, a Rosália, sanamuletse. Bokosi anagula ndi Telma, ndipo masiku ano wogula bokosi amayesa wagula ndi mtembo womwe.

Maliro atafika kumanda ine ndinali m'dzenje, kusalaza pansi. Ndinayala jekete langa n'kukhala, miyendo tambalale.

"A Patrisio, tulukani tiike maliro," anatero abusa.

"Muno muli kale munthu, abusa. Kafuneni pena."

Mwambowu aliyense amaudziwa, kuno ndi kutsidya komwe. Mdzukulu akakhala m'manda sakokedwa, ndipo wachibale sagwira khasu. Amatuluka yekha akalandira chimene akufuna.

Telma anasuzumira. "Mukufuna chiyani? Nkhuku?"

"Dona Telma, nkhuku zanu tadya kale m'mawa, zinali zowonda. Ndikufuna ndimve nthaka iyi ikunjenjemera."

"Ndiitana apolisi."

"Aitaneni. Nawonso adzafa, adzafuna wowakumbira."

Abusa anatambasulira dzanja m'dzenjemo n'kulamula chiwanda chituluke mwa ine. Ndinayankha ameni mokweza kuposa onse, koma osasuntha. Adzukulu anzanga anakhala pamulu wa dothi, makasu pamiyendo, akugawana fodya. Amayi a kwaya anaimba nyimbo zonse zimene ankadziwa mpaka kuyambiranso. Mitambo inayamba kuda kuphiri.

Ndiye kumsewu kunalira shapa, minibasi yomaliza ya ku Ulongwe. Abusa anayang'ana bokosi, anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana mitambo. Ananong'oneza Telma kuti nkhosa zina zikuwadikira, ndipo tinangoona suti ikunyezimira m'munda wa nyemba.

Apo a Rosália anadzuka. Anamasula kamtolo kamene anali atabereka kumsana, n'kutulutsa chibonga cha amuna awo. Anapita nacho kwa mkulu wa akutsidya aja n'kugwada.

"Alamu, apondereni anzanu."

Madoda anavala msangamsanga, ena nthenga zili chopendekera. Atayamba kuponda, dothi la m'mbali linandigwera m'mutu ndi m'khosi. Amayi a kwaya omwe aja ndiwo anayambitsa nthungululu. Ndinadikira nyimbo ithe, kenako ndinakweza manja, anzanga n'kundikoka.

Nditatuluka ndinaona Telma atakweza telefoni, akujambula madodawo, akuuza anzake a ku Tete ndi mawu okoma kuti aone kultura yathu ya ku Angónia. Anandikodola. Ndinayesa akufuna kupepesa.

"A Patrisio, tasunthani pang'ono. Buluku lanu long'ambikalo likuwononga chithunzi."