Waya wa Malemu Bambo

Marjory anapita ndi njinga yamoto ya malemu bambo ake kwa makaniko pa Chitakale kuti aikemo potchajira foni. Makanikoyo, a Hudson, atadina hutala, nyali yakutsogolo inaphethira.

"Analumikiza mawayawa ndani? Anali ataledzera ameneyu," anang'ung'udza, akutola pulayala.

Marjory anawagwira dzanja. Anakumbukira masiku a chiperoni, bambo akuweruka ku esiteti ya tiyi. Mayi ake, omwe anagontha kalekale, ankakhala pakhonde, maso ali munkhungu. Nyali ikaphethira kawiri, ankathamangira kumsewu ngati mtsikana.

"Bambo sankamwa," anatero Marjory. "Umu ndi momwe ankawaimbira mayi hutala. Tchaja ikani, koma waya uyo musamukhudze."